Kulemba CV Yoyamba kwa Wongomaliza Kumene Folomu 4

Mawu oyamba

Chaka chilichonse, bungwe loyendetsa mayeso la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, achinyamata ambiri amapezeka ali pamphambano. Owerengeka okha ndiwo amasankhidwa kupita kumayunivesite a boma. Ena amalowa m'makoleji ophunzitsa ntchito zamanja kapena zauphunzitsi, koma ambiri amabwerera kwawo n'kuyamba kufunafuna ntchito. Akatsegula nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhalenso akaona chidziwitso cha mwayi wa ntchito chimene mnzawo wawatumizira pa WhatsApp, amapeza mawu amodzimodzi akuti ofuna ntchitoyo atumize kalata pamodzi ndi CV. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, poganiza kuti munthu amene sanalembedwepo ntchito alibe choti n'kulemba mu CV.

Cholinga cha chimangirizo chino ndi kusonyeza kuti maganizo amenewa ndi olakwika. Wongomaliza kumene sukulu amakhala atachita zinthu zambiri zimene wolemba anthu ntchito amafuna kuzidziwa. Chimene chimamusowa ndi luso lozifotokoza m'chiyankhulo choyenera ndiponso mwadongosolo. Choncho tiona tanthauzo la CV, magawo ake, chiyankhulo chimene chimagwiritsidwa ntchito poilemba, komanso zoyenera kupewa.

Tanthauzo ndi ntchito ya CV

Zilembo ziwirizi, C ndi V, zikuimira mawu a Chilatini akuti curriculum vitae, omwe akutanthauza ulendo wa moyo wa munthu. Ku America chikalata chotere amachitchula kuti résumé, mawu ochokera ku Chifalansa otanthauza chidule. Kuno ku Malawi timatsata katchulidwe ka ku Britain, motero dzina lodziwika ndi CV. Mayina awiriwa tikawaika pamodzi akutiuza chimene chikalatachi chiyenera kukhala: mbiri ya munthu, koma yolembedwa mwachidule.

CV imasiyana ndi kalata yofunsira ntchito. Kalata imalembedwa m'ziganizo ndi m'ndime zathunthu, ndipo imanena ntchito imene munthu akufuna, kumene waonera chidziwitso chake, ndi chifukwa chimene akudzionera kuti ndi woyenera. CV ndi mndandanda wa mfundo zimene zikuchirikiza zonena za m'kalatamo. Tinganene kuti kalata ndi munthu woima pabwalo la milandu kufotokoza nkhani yake, pamene CV ndi mboni zimene wabwera nazo.

Pofuna kulemba bwino, wolemba ayenera kuyamba waganizira za amene adzawerenge. Kawirikawiri wowerenga CV amakhala ndi mulu wa makalata patebulo pake, ndipo sakhala ndi nthawi yowerenga kalata iliyonse mofatsa. Iye amafuna mayankho a mafunso atatu. Kodi munthuyu ali ndi maphunziro amene tanena m'chidziwitso? Kodi pali chimene anachitapo chosonyeza kuti angadaliridwe? Nanga ndani angamuchitire umboni? CV yabwino imayankha mafunso atatuwa patsamba limodzi, ndipo wowerenga savutika kupeza pamene yankho lililonse lili.

Kulembedwa ntchito ndi kugwira ntchito

Vuto la achinyamata ambiri limayambira pa kusakaniza mawu awiri a Chichewa amene ndi osiyana. Mawuwa ndi kulembedwa ntchito ndi kugwira ntchito. Mneni wakuti kulembedwa ali mu msintho wochitidwa, kutanthauza kuti wochita ndi munthu wina: bwana kapena kampani ndiyo imakulemba, iwe umangolandira. Mneni wakuti kugwira akusonyeza kuti mwiniwake ndiye wochita. Wongomaliza sukulu akamati "sindinagwirepo ntchito", nthawi zambiri amatanthauza kuti sanalembedwepo ndi kampani n'kumalandira malipiro pakutha pa mwezi. Koma kugwira ntchito anayamba kalekale.

Tiyerekeze kuti pali mtsikana amene wamaliza Folomu 4 pasukulu ya sekondale yoyendera. Kwa zaka zitatu, Loweruka lililonse, wakhala akugulitsa tomato pamsika m'malo mwa amayi ake, ndipo ndi iye amene amalemba m'kope mayina a otenga pangongole. Kusukulu anali msungichuma wa kalabu yoona za chilengedwe, ndipo kutchalitchi amaphunzitsa ana Lamulungu. Mtsikanayu akafuna ntchito yogulitsa mu shopu, ali kale ndi zinthu zitatu zimene mwini shopu amafuna: amadziwa kuwerenga ndalama ndi kubweza chenji, amadziwa kusunga kaundula, ndipo anthu ena anamukhulupirirapo ndi ndalama zawo. Chimodzimodzinso mnyamata amene amapalasa kabaza patchuthi, amakonza mafoni, kapena amathandiza ana a Sitandade 8 masamu madzulo. Onsewa ali ndi zolemba mu CV.

Chinthu china chimene chimatsekereza achinyamata ndi chikhalidwe chathu cha kudzichepetsa. Mwana wolelwa bwino sadzitamanda pamaso pa akuluakulu. Akamuyamikira amayankha kuti "ndangoyesera". Khalidwe limeneli ndi labwino m'malo mwake, koma likalowa mu CV limabisa zimene wowerenga akufuna kuona. Akuluakulu omwewo ananenanso kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pali kusiyana pakati pa kudzitama ndi kupereka umboni. Wodzitama amati "ndine wokhulupirika kwambiri". Wopereka umboni amati "ndinasunga ndalama za kalabu ya anthu 40 kwa zaka ziwiri ndipo ndinkapereka lipoti kumapeto kwa teremu iliyonse". Wachiwiriyu sanadziyamikire, wangonena chimene chinachitika, ndipo wowerenga ndiye adzagamule kuti munthuyu ndi wokhulupirika.

Magawo a CV

Gawo loyamba ndi la dzina ndi njira zopezera mwini CV. Dzina lilembedwe monga mmene lilili pasatifiketi ya MSCE ndi pachiphaso cha unzika chimene bungwe la National Registration Bureau linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2017. Kusiyana kwa kalembedwe ka dzina pa zikalatazi kumadzetsa mafunso osafunikira. Pansi pa dzina palembedwe nambala ya foni imene imapezeka nthawi zonse, keyala, ndi imelo ngati ilipo. Imelo ikhale ya dzina lenileni la munthu. Dzina lamasewera limene anzake amamuitanira pa Facebook silipereka chithunzi chabwino kwa bwana.

Ma CV ambiri a kuno amakhala ndi mizere ya mtundu wa munthu, mpingo wake, mudzi ndi mfumu yaikulu, komanso ngati ali pabanja kapena ayi. Lamulo la Employment Act la mu 2000 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha zinthu monga mtundu, chipembedzo, chiyankhulo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ngakhalenso kukhala pabanja. Choncho palibe chifukwa chodzazira tsamba ndi zimenezi, pokhapokha ngati chidziwitso cha ntchitoyo chafunsa mwachindunji, monga mmene zina zimafunsira boma limene munthu amachokera kapena zaka zake.

Gawo lachiwiri ndi mawu achidule odzifotokoza, a mizere iwiri kapena itatu. Muno munthu amanena kuti ndi ndani, ali ndi chiyani, ndipo akufuna ntchito yanji. Mtsikana wathu uja angalembe kuti ndi womaliza Folomu 4 amene anakhoza bwino Masamu ndi Chingerezi, wagulitsapo malonda pamsika kwa zaka zitatu, ndipo akufuna ntchito yogulitsa mu shopu. Gawoli liyenera kusinthidwa malinga ndi ntchito imene ikufunsidwa.

Gawo lachitatu ndi la maphunziro. Kwa munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri gawoli limatha kubwera pambuyo, koma kwa wongomaliza sukulu liyenera kukhala pamwamba chifukwa ndiwo umboni wake waukulu. Maphunziro amalembedwa kuyambira atsopano kupita kwa akale: MSCE poyamba, kenako JCE. Palembedwe dzina la sukulu, chaka cholembera mayeso, maphunziro amene anakhoza ndi mmene anakhozera. Pamayeso a MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, pamene 9 ndi kulephera. Zidziwitso zambiri zimanena kuti zikufuna credit m'Chingerezi kapena m'Masamu, motero ndi bwino kulemba phunziro lililonse ndi nambala yake, monga Chingerezi 4, Masamu 5, Zaulimi 3, kuti wowerenga aone yekha. Amene analemba mayeso kawiri alembe zaka zonse ziwiri. Mayeso a JCE anaimitsidwa kwa zaka zingapo n'kubwezeretsedwa mu 2021, choncho amene anali mu Folomu 2 m'zaka zimenezo asadandaule kuti alibe satifiketi imeneyi. Ngati munthu anachitapo maphunziro aafupi a kompyuta, kusoka, ukalipentala kapena ena ovomerezedwa ndi bungwe la TEVETA, awalembenso m'gawo lomweli.

Gawo lachinayi ndi limene ambiri amalisiya lopanda kanthu, la zimene munthu wachitapo. Muno mulowe maudindo a kusukulu monga upulifekiti, utsogoleri wa timu ya mpira, ulembi kapena usungichuma wa magulu monga Edzi Toto, Red Cross, SCOM kapena YCS. Mulowenso geni ya pabanja, maganyu okhalitsa, kuthandiza pamalo otumizira ndalama a Airtel Money kapena TNM Mpamba, kulembera banki mkhonde, ndi ntchito zongodzipereka za kumpingo, kumzikiti kapena m'mudzi. Pa chilichonse palembedwe udindo, malo, zaka, ndi mzere umodzi kapena iwiri yonena zimene munthuyo ankachita. Zosankhidwa zikhale zogwirizana ndi ntchito imene ikufunidwa. Wofunsira ntchito yaulonda aike patsogolo udindo wosunga makiyi a kalasi kapena woyang'anira mwambo kuhositelo, pamene wofunsira ukalaliki aike patsogolo ulembi.

Gawo lachisanu ndi la luso. Apa ambiri amaiwala chuma chimene ali nacho, chomwe ndi ziyankhulo. Wachinyamata woyankhula Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi, kapena Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi, ndi wofunika kwa mabungwe ochita kafukufuku m'midzi, kuzipatala, ndi m'masitolo a m'madera amene muli anthu a ziyankhulo zosiyanasiyana. Anene momveka ngati chiyankhulocho amangochiyankhula kapena amathanso kuchilemba. Pa za kompyuta atchule mapulogalamu amene amawadziwadi, monga Microsoft Word kapena Excel. Amene ali ndi laisensi yoyendetsera galimoto kapena njinga yamoto aitchule pano.

Gawo lomaliza ndi la anthu omuchitira umboni, awiri kapena atatu. Kwa wongomaliza sukulu, oyenera ndi mphunzitsi wamkulu, mphunzitsi amene ankayang'anira kalabu, m'busa, shehe, kapena munthu amene anamupatsapo ganyu. Achibale sayenera, chifukwa wowerenga amadziwa kuti malume sangaipitse mphwake. Munthu asalembe dzina la aliyense asanamupemphe. Zimachititsa manyazi kuti bwana aimbe foni, woyankhayo n'kumafunsa kuti, "Mwati ndani kodi?" Ndi bwinonso kutenga kalata ya umboni kwa mphunzitsi wamkulu sukulu isanaiwale nkhope ya wophunzirayo.

Chiyankhulo cha CV

Ntchito zambiri za m'maofesi ndi m'makampani kuno zimalengezedwa m'Chingerezi, ndipo CV imalembedwanso m'Chingerezi. Komabe achinyamata ambiri amaganiza m'Chichewa kapena m'chiyankhulo china cha kwawo. Ichi sichoipa. Njira yothandiza ndi kuyamba kulemba papepala, m'chiyankhulo cha kwanu, zonse zimene mwachitapo kuyambira Folomu 1, osasankha. Kenako chongani zimene zikugwirizana ndi ntchitoyo, ndipo pomaliza muziike m'Chingerezi chosavuta. Munthu akayamba ndi Chingerezi amakumbukira mawu okhawo amene anawaonapo mu CV ya wina, ndipo zochita zake zenizeni zimatsalira.

Mfundo yoyamba ya chiyankhulo cha CV ndi yakuti mneni amaposa mfotokozi. Afotokozi monga wolimbikira, wodzipereka, wokhulupirika, amapezeka pafupifupi mu CV iliyonse, makamaka zimene zimagulidwa zolembalemba kale m'mashopu otayipira makalata, kumene amangosintha dzina lapamwamba. Wowerenga akaona mawu omwewo kakhumi amaleka kuwamva. Aneni monga ndinagulitsa, ndinasunga, ndinatsogolera, ndinaphunzitsa, ndinakonza, amakakamiza wolemba kunena chinthu chimene chinachitikadi. M'Chingerezi mzere wotere umayamba ndi mneni wa nthawi yakale, mlowam'malo wa mwiniwake n'kusiyidwa. Mwachitsanzo, mtsikana uja angalembe kuti: Sold tomatoes and kept credit records at a family stall, 2021 to 2023.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti nambala imapereka kulemera kwa ntchito. Kunena kuti "ndinkaphunzitsa ana" n'kosiyana ndi kunena kuti "ndinkaphunzitsa ana 15 a Sitandade 8 masamu katatu pamlungu". Nambalazo zikhale zoona, zoti munthu angazifotokoze akafunsidwa.

Mfundo yachitatu ikukhudza mawu odandaula. M'Chichewa, popempha kwa wamkulu timachonderera ndi kufotokoza mavuto athu, ndipo ndi ulemu kutero. Ena amatengera kapemphedwe kameneka mu CV ndi m'kalata, n'kulemba kuti ndi amasiye, kwawo ndi osauka, bwana awachitire chifundo. Mavutowa akhoza kukhala enieni, koma wolemba ntchito akufuna munthu wodzamuthandiza pantchito yake. Ngati umasiye unachititsa munthu kusamalira abale ake ndi kuyendetsa munda kapena geni ya pakhomo, chimene ayenera kulemba ndi ntchito imeneyo.

Mfundo yachinayi ndi ya maonekedwe. CV ya wongomaliza sukulu ikwane patsamba limodzi la A4, kapena awiri zikavutitsitsa. Zilembo zikhale zamtundu umodzi, monga Times New Roman kapena Arial, zazikulu 11 kapena 12, popanda maluwa kapena mitundu yambirimbiri. Ikatha kulembedwa, iperekedwe kwa mphunzitsi kapena munthu wina wodziwa Chingerezi kuti aiwerenge, pakuti mutu umodzi susenza denga. Cholakwika chimodzi pa nambala ya foni chikhoza kutayitsa mwayi wonse.

Bodza ndi akathyali

Munthu akaona kuti CV yake ndi yaifupi, chiyeso chowonjezera zabodza chimakula. Ena amakweza 7 kukhala 4, ena amalemba kuti anagwirapo ntchito pakampani imene sanapondemo, ndipo ena amafika pogula satifiketi yachinyengo. Zonsezi ndi zoopsa. Zotsatira za mayeso zimasungidwa ku MANEB ku Zomba, ndipo olemba ntchito amatha kufunsa bungweli kuti litsimikize ngati satifiketi ndi yoona. Kupeka kapena kusintha chikalata ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo wopezeka atachita zimenezi akhoza kuchotsedwa ntchito ngakhale patapita zaka, n'kuimbidwanso mlandu. Ngakhale bodza laling'ono limagwidwa pa intavyu. Wolemba kuti amadziwa Excel akhoza kupatsidwa kompyuta pomwepo kuti asonyeze.

Amene sanakhoze bwino mayeso asabise, koma alembe maphunziro amene anakhoza, ndipo alimbikire pagawo la zimene wachitapo ndi la luso. Mwambi uja umati ukaipa dziwa nyimbo. Mwini galaja amene akufuna mnyamata wothandiza amasamala kwambiri zoti mnyamatayo anagwirapo sipanala kusiyana ndi zoti Geography anapeza 8.

Bodza lina limachokera mbali inayo. Pali akathyali amene amafalitsa zidziwitso zabodza za ntchito pa WhatsApp ndi pa Facebook, n'kumauza ofunsira kuti atumize ndalama pafoni zoti ndi za fomu, za yunifolomu kapena zogulira malo. Wongomaliza sukulu ndiye amagwa msanga mumsampha umenewu chifukwa sadziwa mmene kulemba anthu ntchito kumayendera. Munthu akauzidwa kuti alipire kaye ndalama kuti aitanidwe ku intavyu, akayikire, ndipo akafunse ku ofesi ya kampaniyo kapena ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake. Komanso potumiza CV, aphatikize mafotokope a masatifiketi basi. Masatifiketi enieni akhale kunyumba mpaka tsiku la intavyu, ndipo abwerere nawo.

Katumizidwe

Chidziwitso cha ntchito chimanena njira yotumizira ndi tsiku lomaliza, ndipo kutsata malangizo amenewa ndiwo mayeso oyamba. Ngati anena kuti makalata apite papositi kapena aperekedwe pamanja, CV ilowe mu envulopu yaukhondo pamodzi ndi kalata ndi mafotokope, ndipo pamwamba palembedwe dzina la ntchito imene ikufunsidwa. Ngati anena kuti apite pa imelo, CV isungidwe ngati PDF kuti mizere isasokonekere ikatsegulidwa pa kompyuta ina, ndipo fayiloyo ipatsidwe dzina la mwiniwake. Kujambula pepala ndi foni n'kutumiza chithunzi chopendekera kumasonyeza kusasamala. Akatumiza, foni ikhale yoyaka ndipo iyankhidwe mwaulemu ngakhale nambala ili yachilendo.

Ndi bwino kusunga CV pa imelo kapena pa fulashi, n'kumaionjezera nthawi iliyonse munthu akachita chinthu chatsopano. Ganyu ya miyezi itatu yolemba mayina pa kafukufuku, kapena maphunziro a milungu isanu ndi umodzi a kompyuta, zimalowa pomwepo. Motero CV yachiwiri imakhala yolemera kuposa yoyamba, ndipo pang'onopang'ono maudindo a kusukulu amayamba kupereka malo kwa ntchito zolembedwa.

Mawu omaliza

M'chimangirizo chino taona kuti CV ndi mndandanda wachidule wa umboni, ndipo kuti wongomaliza Folomu 4 ali nawo umboniwo ngakhale sanalembedwepo ntchito. Taona magawo asanu ndi limodzi amene CV yotere iyenera kukhala nawo, kufunika kogwiritsa ntchito aneni ndi manambala m'malo mwa afotokozi ongodziyamikira, komanso kuopsa kwa bodza, kaya lochokera kwa wofunsira kapena kwa akathyali. CV yolembedwa bwino siitsimikiza kuti munthu apeza ntchito, chifukwa ofuna ntchito ndi ambiri kuposa malo amene alipo. Chimene imachita ndi kuonetsetsa kuti munthu woyenera asasiyidwe chifukwa cholephera kudzifotokoza. Pachifukwa chimenechi, aphunzitsi a ziyankhulo m'sukulu za sekondale, amene amaphunzitsa kale kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito, angachite bwino kupatula nthawi yoti wophunzira aliyense wa Folomu 4 alembe CV yakeyake, iwerengedwe ndi kukonzedwa m'kalasi, asanalembe mayeso omaliza.